Ndinathyola Lamulo Lomwe Ndinalemba Ndekha

1

Ndine Tionge Harawa. Ngati munamvapo za loya wamkazi wa ku Hewe yemwe ntchito inamuthera ku Lilongwe chifukwa cha pakamwa, ndiye mwandipeza. Anyuzipepala analemba zawo, a m'minibasi za ku Mzuzu anathirako mchere wawo. Lero imvani kwa mwini nkhani.

Kwa zaka khumi ndi zinayi ndinkagwira ntchito kunthambi ina ya boma yoyang'anira makampani osunga ndi kubwereketsa ndalama. Dzina lake sinditchula, chifukwa sinandilakwire kanthu. Anzanga omwe ndinaphunzira nawo zamalamulo ankathamangira kukhoti, kovala mikanjo yakuda ndi kuoneka pa kanema. Ine ndinasankha ntchito yosaoneka, yolemba malamulo oti mlimi akasungitsa kangachepe kake lero, mawa akakapeze. Ndinkaikonda ntchitoyo, mwina mopyola muyeso.

Pa zonse zomwe ndinalemba, panali ndime imodzi yomwe ndinkainyadira ngati mwana wachisamba. Inkati wogwira ntchito kwathu akadziwa kuti kampani yakutiyakuti itsekedwa, asauze munthu, kaya mkazi wake, kaya abusa ake. Chifukwa chake n'chosavuta. Ukatsina khutu mmodzi, amathamanga kukatapa zake, eni kampani n'kupeza mpata wobisa zotsala, osauka enawo n'kutsala manja ali m'khosi. Wothyola ndimeyi ntchito imamuthera, chiphaso cha uloya n'kulandidwa. Tsiku lomwe ndinkaiteteza pamaso pa komiti ya aphungu, bambo wina anandifunsa moseka.

"Madamu, nanga atakhala mayi anu okubalani?"

"Lamulo lilibe mayi, olemekezeka," ndinayankha. Anandiombera m'manja, ine n'kutuluka mapewa ali m'mwamba.

Mwamuna wanga anali Lovemore Luhanga. Anali ndi sitolo ya feteleza ndi mbewu pa Boma la Rumphi, komanso malole awiri onyamula mabelo a fodya. Sabata ziwiri ankakhala nane ku Lilongwe, ziwiri kumpoto. Bambo anga atamwalira, ndiye anafolera nyumba ya amama ndi malata atsopano. Maso awo atayamba kuchita nkhungu, ndiye ankawanyamula kupita nawo kuchipatala. Azimayi a ku Hewe ankauza ana awo kuti akapeze mwamuna ngati wa NyaHarawa, ndipo ine NyaHarawayo ndinkamva kukoma.

2

Zaka zitatu zapitazo, mu Meyi, bwana wanga, a Mackson Chiwaya, anandiitanira muofesi mwawo n'kutseka chitseko. Anali munthu wa ku Thyolo wosachedwa ndi malonje. Anandikankhira fayilo.

"Kwanutu uku," anatero.

Pachikuto panalembedwa kuti Sunga Mlimi, Katowo. Katowo ndi pamsika wa kwathu ku Hewe. Inali kampani yomwe inkalandira ndalama za alimi a fodya n'kumawalonjeza phindu loti ngakhale mwana wa pulayimale akanakayikira. Ofufuza athu anapeza kuti mkati munali mopanda kanthu. Obwera lero ndiwo ankalipira phindu la obwera dzulo. Mwini wake pamapepala anali Greyson Botha, dzina lomwe ndinali ndisanalimvepo.

"Tikatseka Lachinayi la sabata yamawa, m'mawa, apolisi ali nafe," anatero a Chiwaya. "Msika wa fodya wangotsegulidwa kumene. Tikachedwa, ndalama za chaka chonse zilowa m'dzenje limeneli. Muli ndi m'bale aliyense mmenemu?"

"Palibe yemwe ndikumudziwa."

Sindinaname. Mndandanda wa osungitsa unali ndi mayina oposa zikwi zitatu, ndipo ine ndinali mutu wa gawo, wowerenga malamulo, osati mayina. Ndinasaina lumbiro la chinsinsi, ndinalemba chikalata chotsekera kampaniyo ndi dzanja langa, ndipo Lachisanu ndinanyamuka ulendo wa kumudzi. Loweruka tinali ndi mwambo wovundukula chiliza cha bambo anga.

3

Mwambo unayenda bwino. Chiliza anagula ndi Lovemore, ng'ombe anapereka ndi Lovemore, ndipo abusa anamutchula katatu mu ulaliki, kuposa malemu eni chiliza.

Masana anthu atadya, amama anandikodola. Amama anga, NyaChavula, anaphunzitsa kusoka pasukulu ya mishoni kwa zaka makumi atatu, ndipo sanali munthu wokodola mwana popanda chifukwa. Tinalowa m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kabuku kobiriwira.

"Taona, mwana wane. Penshoni ya adada ako sindinaidye yayi. Yonse ili umu, ikuswana."

Pachikuto pa kabukuko panali chithunzi cha tsamba la fodya ndi mawu awiri aja, Sunga Mlimi.

Bambo anga anayenda pa njinga zaka makumi anayi kukaphunzitsa ana a eni, ndipo thukuta lawo lonse linali m'kabuku kaja.

"Amama, anakuuzani ndani zosunga kumeneku?"

"Aliyense kuno akusunga komweko. Madoda a mpingo, aphunzitsi, onse. Bwanji nkhope yagwa?"

Ndikanatha kukhala chete. Ndikanatha kubwerera ku Lilongwe, kukauza a Chiwaya kuti ndapeza dzina la amama, andichotse pa fayiloyo. Njira imeneyo inalipo, ndinaiika m'lamulo ndine. Koma ikanateteza ine, osati penshoni. Ndinayang'ana maso awo otuwawo akufufuza nkhope yanga, ndipo uloya wonse unasungunuka. Paja amati mako ndi mako.

"Amama, mvetserani. Lolemba m'mawa mupite pa Katowo mukatenge zonse. Musasiye ngakhale tambala."

"Chifukwa?"

"Lachinayi boma likutseka kampaniyi. Koma musauze munthu. Mukauza munthu, ntchito yanga yatha."

Anagwira pakamwa. "Chiuta wane. Nanga azimayi anzanga a Umanyano kumpingo?"

"Ngakhale iwowo, amama."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kumanganso kabuku kaja pa chitenje. Lamulungu ndinabwerera ndekha ku Lilongwe. Lovemore anatsala, ati malole ali ndi mabelo oti apite ku okushoni ku Mzuzu.

4

Lachinayi anzathu anafika pa Katowo ndi apolisi ndi maloko awo. Pakhomo la Sunga Mlimi anapeza Greyson Botha ataima ndi loya wake, tayi ali pakhosi, pepala lili m'manja. Chinali chiletso cha khoti, chotengedwa dzulo lake. Anzathuwo anabwerera ndi maloko awo.

Lachisanu a Chiwaya anandiitana. Ulendo uno sanandiuze kuti ndikhale.

"Loya wawo wauza khoti kuti chiganizo chathu n'chodetsedwa. Akuti mkulu yemwe analemba chikalata chotsekera anali ndi m'bale mkati, anabisa, ndipo anaulula tsiku kuti m'baleyo apulumuke yekha. Woweruza waimitsa zonse mpaka nkhaniyi imveke." Anatembenuza pepala n'kundilozera m'munsi. "Umboni wake ndi uwu. Chikalata cholumbira."

Ndinawerenga. Mawu anga onse a m'chigafa anali mmenemo, m'Chingerezi chosalala, ndime ndi ndime. Lolemba m'mawa. Osasiya ngakhale tambala. Pansi pake panali siginecha yomwe ndinakula ndikuiona pa malipoti anga a sukulu, zilembo zopendekera kumanja, zosokedwa bwino ngati mpendero wa diresi. Anali amama.

Sindikumbuka momwe ndinatulukira. Ndikukumbuka ndili m'galimoto, ndikuimbira Lovemore, ndikulira ngati mwana.

"Pepa, NyaHarawa, pepa chomene," anatero. Mawu ake anali ofewa. "Ameneyu ndi Botha. Wawanyengerera amama pomwe amakatenga ndalama. Iwe usabwere kuno, anthu akulusa. Khala konko, ine ndithana nazo."

Ndinamuthokoza. Mpaka lero ndikakumbuka kuti ndinamuuza kuti yewo, ndimafuna kudziluma lilime.

Koma mtima unakana kukhala. Mayi yemwe anandibereka angandigulitse kwa Botha? Ndinafuna ndimve kuchokera pakamwa pawo. Loweruka m'mamawa ndinaliza galimoto osauza munthu.

5

Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Atamva mawu anga anasangalala, n'kuyamba kufunsa za ulendo. Sindinayankhe moni, chinthu chomwe ndinali ndisanachitepo chibadwire.

"Amama, ndinakulakwirani chiyani?"

"A-a, wayamba bwanji?"

"Ndinati musauze munthu."

"Ndipo sindinauze munthu yayi. Ngakhale NyaMsiska wa pafupi apa sakudziwa."

"Nanga pepala munasaina lija?"

"La kuchotsera ndalama? Enya, ndinasaina. Akuti zituluka mwezi uno ukatha."

Ndinakhala pansi, pa simenti pomwepo. "Anakuuzani ndani kuti ndi la kuchotsera ndalama?"

"Adada Luhanga."

Nkhuku inadumphira m'lichero, amama n'kuiingitsa.

"Munauza Lovemore?"

"Mwana iwe, mwamuna wako ndi munthu wapadera? Anapereka ng'ombe zisanu ndi imodzi za malowolo pakhomo pano. Iwe ndiwe wa kwa Luhanga. Ndingamve nkhani yaikulu chotere kwa mkazi wa mwini, ine n'kumakayenda ndekha mwini wakeyo osadziwa? Komanso amene anamanga ndiye amamasula. Ndi iwowo ananditengera ku Sunga Mlimi poyamba."

"Liti?"

"Zaka ziwiri zapitazo, chaka chija unakwezedwa pantchito. Patangopita sabata chichitireni phwando lako. Anati tisakuuze, uli ndi zambiri m'mutu, udzangoona nyumba ya lendi itamangidwa pa Boma."

Anafotokoza zonse mosabisa, poti sankaona cholakwika. Lamulungu nditangonyamuka anauza Lovemore. Lolemba Lovemore anabwera ndi galimoto, koma sanaime pa Katowo. Anapitirira mpaka pa Boma, kuofesi ya loya wina. Kumeneko anawapempha abwereze zomwe ndinanena, liwu ndi liwu, ati kuti ndalama zituluke msanga pafunika chifukwa chomveka. Mlembi anatayipa. Kenako Lovemore anawapatsira pepala ndi manja awiri.

"Simunawerenge, amama? Inu aphunzitsi?"

"Magalasi ndinali nawo m'chikwama." Anaweramitsa mutu. "Koma mpongozi wako akupatsira pepala ndi manja awiri, iwe n'kutulutsa magalasi pamaso pake? Ndiye kuti ukumuyesa wakuba. Ife sitinaleredwe choncho."

Kwathu mayi sayang'ana mkamwini m'maso, sadya naye mbale imodzi, samufunsa kawiri. Ulemu umenewo Lovemore ankaudziwa bwino, ndipo ndi womwe anakolera amama.

Nditawauza chomwe anasaina, sanalire. Anangoika lichero pansi n'kunena kuti, "Ndakupha ndine, mwana wane."

6

Pa Boma ndinafika dzuwa likupendeka. Lovemore anali m'kaofesi ka kuseri kwa sitolo, akudya chipisi cha pachiwaya. Atandiona sanadzidzimuke. Anapukuta zala pa nyuzipepala n'kutseka chitseko.

"Ndinati usabwere."

"Greyson Botha ndi ndani wanu, a Luhanga?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyesa kulemera kwa belo. Kenako anapumira m'mwamba.

"Greyson ndi chikwangwani chabe. Kampani ndi yanga."

Ndinkayembekeza kuti akana, kuti ndikuwe, timenyane ndi mawu. Kuvomera kwakeko kunandifoola kuposa bodza.

"Zaka zonsezi ndikubwera ndi mafayilo kunyumba, inu mukundiphikira tiyi."

"Sindinatsegulepo fayilo yako ngakhale imodzi. Iwe chinsinsi umasunga, ndikuvomereza. Ukanakhala womasuka ngati akazi a anzanga, bwenzi zonsezi kulibe."

"Ndiye munalowetsamo amama."

"Munthu ukamamanga pafupi ndi mtsinje umayang'aniratu pothawira." Anatero ngati akufotokoza mtengo wa feteleza. "Utakwezedwa ndinadziwa kuti tsiku lina fayilo yanga idzafika pa tebulo lako. Ine sukanandiuza, ndimakudziwa. Koma amama sukanawasiya amire. Ndinangofuna belu, Tionge, loti likalira ndidziwe."

"Belu munalimva Lamulungu. Chikalata cholumbira chinali cha chiyani?"

"Masiku anayi akanandikwanira chiyani? Ndinkafuna msika wonse wa fodya kuti ndibweze zomwe zinalowa m'malole. Loya anati popanda umboni woti ofesi yanu yadetsedwa, chiletso sichituluka." Anatambasula dzanja kuti andigwire phewa, ine ndinafutuka. "Ntchito ndi ntchito, NyaHarawa, ina ipezeka. Ukanakonda mwamuna wako apite kundende?"

Ndinamufunsa chinthu chimodzi chokha, ngati penshoni ya bambo anga inalipo. Anayang'ana chipisi chake.

Zaka khumi ndi ziwiri ndinagona pafupi ndi munthu ameneyu. Anandisisita msana nditapita padera. Ndipo nthawi yonse ya zaka ziwiri zomalizazo, akamafolera nyumba ya amama, akamawanyamula kupita kuchipatala, ankasamalira msampha wake kuti usachite dzimbiri. Chidani chomwe ndinamva tsiku limenelo sindinadziwe kuti chingakwane m'thupi la munthu mmodzi.

7

Komiti yosungitsa mwambo inakhala patatha sabata zitatu. Tisanalowe, a Chiwaya anandiimitsa pakhonde. Anayankhula akuyang'ana kumbali.

"Palibe anajambula mawu anu. Umboni ndi pepala limodzi, la mayi wachikulire wosaona bwino, lolembedwa m'chilankhulo chomwe sanayankhule. Inu mukati simunanene, loya wathu akawapanikiza mayiwo m'khoti theka la ola, pepalalo ligwa. Chiletso chigwa nalo. Sindikukuuzani chochita. Ndikungokuuzani momwe zilili."

Ndinamvetsa bwino lomwe. Ndikanapulumutsa ntchito yanga, mwinanso fodya wa anthu zikwi zitatu. Mtengo wake unali kuimika NyaChavula m'bokosi la mboni, atavala yunifolomu yawo ya Umanyano, mnyamata wa tayi n'kumawafunsa ngati amakumbukira chomwe anadya dzulo, mpaka dziko lonse livomereze kuti ndi wabodza kapena mutu wawo unazungulira. Ndipo ine ndikanakhala kumbuyo, ndikudziwa kuti liwu lililonse lomwe analumbira linali loona.

Wapampando atandifunsa ngati ndinanena mawu a m'chikalatacho, ndinaimirira.

"Ndinanena, wapampando. Mayi anga sananame."

Ndinawauzanso za mwini weniweni wa Sunga Mlimi. Analemba, koma mawu a mkazi wokwiya yemwe wangovomera kuthyola lamulo salemera kwenikweni. Pofika masana ndinali nditabweza makiyi a ofesi. Chiphaso cha uloya anandilanda kwa zaka zisanu, pogwiritsa ntchito ndime yomwe ndinalemba ndekha. Inagwira bwino ntchito, ndiyenera kuvomereza. Sindinasiyemo pothawira.

Chiletso chinakhala mpaka Seputembala. Pa Katowo Botha ankauza alimi kuti ngakhale khoti laona kuti kampani ndi yoyera, boma limangochita nsanje. Anthu anapitiriza kusungitsa. Pomwe anzanga ankabwereranso ndi maloko aja, msika wa fodya unali utatsekedwa, ndalama za chaka chonse zitalowa, ndipo Lovemore anali atawoloka malire ndi lole imodzi. Botha ndiye ali kundende. Penshoni ya bambo anga sinatuluke ngakhale tambala.

8

Lero ndimakhala ku Hewe ndi amama. Ndimalima nyemba, ndipo Lachiwiri lililonse ndimakhala pansi pa mtengo pa Katowo kuwerengera anthu mapepala asanasaine, ulere. Ena amabwera. Ena akandiona amalavula, ndipo sindiwadandaula. Bambo wina, a Elias Kumwenda, anagulitsa mabelo khumi ndi anayi chaka chimenecho, ndalama zonse n'kumira ku Sunga Mlimi, mwana wawo n'kulephera kupita ku koleji. Anandifunsa pamsika, anthu akumva, kuti, "Mayi ako ndiwo anali ndi khutu okha?"

A kwa Luhanga anatumiza nthumwi kudzanena kuti ndinaulula mwamuna wanga kwa akunja, choncho ng'ombe zawo zibwerere. Amama, omwe moyo wawo wonse sanakwezepo mawu pamaso pa apongozi, anatulutsa magalasi m'chikwama, anawavala, n'kuyang'ana nthumwizo m'maso mmodzimmodzi mpaka zinatsanzika zokha.

Inu owerenga, ndikudziwa kuti mwagawikana. Ena mukuti ndinalakwa m'chigafa muja, ena mukuti ndinalakwa pamaso pa komiti, pomwe bodza limodzi likanapulumutsa mudzi wonse. Mwina nonse mukulondola. Ine sindinalembe izi kuti mundikhululukire. Ndime ija ikadalipo m'malamulo, ndipo atandifunsa lero ndinganene kuti isasinthidwe ngakhale chilembo chimodzi, chifukwa ndaona ndi maso anga chomwe kunong'ona kumodzi kumachita.

Chomwe ndikukupemphani n'chaching'ono. Ngati muli pa udindo wosunga zinthu za anthu, musamangoyang'anira envelopu ya ziphuphu. Ine envelopu ndinabweza zambiri, ndipo ndinkadziyesa mwala. Dzifunseni kuti ndani amadziwa pomwe mtima wanu uli pofewa, ndipo akuchita nazo chiyani.

Anthu amandifunsa ngati ndimamusowa Lovemore. Ayi. Chomwe chimandiwawa n'china. Ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti sindingathyole lamulo langa, ndinalumbira pamaso pa aphungu ndi pamaso pa Mulungu. M'dziko lonse la Malawi munali munthu mmodzi yekha yemwe ankadziwa kuti ndidzalithyola, ndiponso chifukwa cha ndani. Anadziwa zaka ziwiri ine mwini ndisanadziwe, ndipo anadikira.